Kupatulira dziwe la atate

Foni ya amai ikalira kusanache, timadziwa kuti si moni chabe. Tsiku limenelo, mu Okutobala 2024, inalira tikali m'mabulangeti m'kanyumba kathu ka lendi ku Mtendere. Tinaiika pa sipika kuti tonse atatu timve. Amai sanafunse ngati tauka bwino. Anangoti nsomba za m'dziwe la atate zatulutsa milomo pamwamba pa madzi, ndipo zina zagona chagada, mimba zoyera kumwamba. Anali atatola kale zodzaza beseni. Tinafunsa kuti nanga atate akuti bwanji.

"Atate wanu ali pa chitsa kuyambira usiku, akungoyang'ana," anatero amai. "Akuti pali munthu wathira mankhwala. Atchula ndi dzina lomwe. Akufuna kupita kwa anyakwawa."

Dzina limene anatchula linali la munthu amene dimba lake linagundana ndi lathu, munthu amene tinadyapo nsima m'nyumba mwake kosawerengeka tili ana. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mlandu wotere suthera pa nsomba. Ukangofika pabwalo, mabanja awiri amaleka kupalana moto, ndipo ana amene sanabadwe amadzaupeza ukuwadikira. Tinapempha amai kuti awagwire atate masiku awiri chabe. Pofika madzulo tinali titabwereka kale ndalama ya basi.

Ndife ana anayi a kwa Mburuma, m'boma la Luangwa, kumene akuluakulu akali kunena kuti ku Feira. Anyamata atatu tili mu Lusaka: wina akonza mafoni, wina ndi mlonda, wina akali pa koleji. Oyamba kubadwa, asisi athu, ali ku Durban, kumene agwira ntchito mu shopu yogulitsa nsomba zokongoletsa nyumba. Tonsefe tinaphunzira ndi ndalama za nsomba. Poyamba zinali za mumtsinje, pamene atate anali kupalasa bwato pa Luangwa ndi kutsika mpaka pamene mtsinjewo umakumana ndi Zambezi, moyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Kenaka mvuu inagubuduza bwato la mnzawo iwo akuona. Mnzawoyo anapezeka tsiku lachitatu, ndipo atate anapachika nkhafi osaigwiranso.

Dziwe analikumba mu 2016 ndi makasu ndi mafosholo, ife tikututa dothi m'mabeseni. Ndi la mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, madzi ofika m'chiuno mbali imodzi, m'chifuwa mbali inayo. Lili kumunsi kwa dimba, kumene madzi ali pafupi, ndipo amalidzaza kuchokera pachitsime ndi kapampu. Nzeru ya atate inali iyi: chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo nthawi imeneyo nsomba imasowa ndi kudula. Amene ali ndi zake zoweta sathamangitsana ndi munthu. Komanso m'dziwe mulibe mvuu. Zaka zoyamba zinayenda monga anaganizira. Pende zinali kutuluka zazikulu kuposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo Januwale, mwezi wa mabuku ndi mayunifomu, unaleka kutiopsa.

Kenaka tinayamba kuchoka mmodzimmodzi. Kukoka ukonde m'dziwe kumafuna anthu anayi kapena asanu, ndipo atate anatsala ndi amai ndi bondo lovuta. Anayamba kugwira ndi mbedza chabe, kusankha zazikulu, zazing'ono kuzibweza. Ife sitinaonepo vuto. Tinali kutumiza ndalama pa foni mwezi ukatha, tinawagulira ndi sola ya pampu, ndipo tinali kudziona ngati ana osamala makolo. Akatitumizira chithunzi cha dziwe litadzaza maluwa a papo, tinali kuika kamtima ndi kupitiriza zathu.

Maluwawo anali a namasupuni, chomera chimene kuno ku tauni ambiri timachidziwa kuti Kafue weed. Atate anatola tizitsamba titatu pa doko la ku Feira mu 2021, tikuyandama kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Anati tidzapatsa nsomba mthunzi, ndipo mbalame zodya nsomba sizidzaziona. M'mphepete anabzala bango kuti ligwire dothi. Zonsezi anachita ndi cholinga chabwino, ndipo chaka choyamba zinagwiradi ntchito.

Basi ya ku Feira imatuluka mu Lusaka ndi Great East Road, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, kukwera ndi kutsika mapiri, mpaka kufupi ndi Luangwa Bridge, kumene ogulitsa nsomba zouma ndi madengu amathamangira mawindo. Usanaoloke mlatho, msewu wa kwathu umapatukira kum'mwera kutsata mtsinje. Chaka chimenecho chilala chinali chitadya dziko. Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mu Lusaka malaiti anali kubwera maola ochepa chifukwa madzi a ku Kariba anatsika. Pawindo tinaona Luangwa itasanduka mchenga, madzi akuyenda kambali ngati achita manyazi. Okutobala wa m'chigwa amapitirira madigiri 40, ndipo tinatsika basi malaya atamatirira kumsana.

Dziwe sitinalizindikire. Magawo atatu mwa anayi anali masamba okhaokha, othithikana moti nkhuku ikanatha kuoloka osanyowa. Bango linali litachoka m'mphepete ndi kulowa m'madzi mamita awiri kapena atatu. Mmodzi wa ife anazika ndodo pansi, ndipo munatuluka thovu lonunkha ngati dzira loola. Pa kamalo kamene kanatsala poyera amai anawaza gaga, madzi ndi kuwira. Zinali nsomba zosawerengeka, zambiri zautali wa chala, mitu ikuluikulu, maso otuluka, matupi opyapyala.

Atate, ngakhale anali ndi mkwiyo, nkhope inawala pang'ono. "Mwaona, anyamata? Ndinaikamo 600 chabe. Onani manje."

"Atate, zachuluka," tinatero.

"Munamvapo munthu akulira kuti mbuzi zachuluka m'khola? Zachuluka, inde, ndiye chifukwa chake wina wachita nsanje."

Sitinawayankhe. Kwathu mwana sakangana ndi atate ake tsiku limene wafika. Komanso ife eni sitinali kudziwa bwino chimene chinali kupha nsombazo. Madzulo tinakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, ndi kuimbira asisi pa WhatsApp. Tinawaonetsa vidiyo ya dziwe imene tinajambula masana.

Asisi sanayankhe msanga. Anali akali ku ntchito, ndipo anatembenuza kamera kutionetsa thanki ya galasi, yaitali ngati bedi, yowala buluu. M'kati munali zinthu zonga tchire la miyala: zina za nthambi ngati mitengo yopanda masamba, zina zophwatalala ngati mbale zosanjikiza, zina zofewa zikugwedezeka ndi madzi. Anati awa ndi makorali. Ife tinali kuganiza kuti ndi maluwa a pulasitiki. Anatiuza kuti ndi nyama, tizilombo ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, ndipo mitundu yolimba imadzimangira mafupa a laimu. M'thupi mwa tizilomboto mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala ndi kugawira mwini nyumba. Chifukwa chake korali wotere akasowa kuwala amafa ndi njala. Madzi a m'thanki amawathira mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, monga a m'nyanja yamchere, ndipo amawasunga pa madigiri 25 kapena 26. Akatentha mopitirira, korali amataya ndere zija ndi kuyera ngati fupa. Chaka chomwecho cha chilala chathu, mu Epulo, asayansi a bungwe la NOAA ku America analengeza kuti makorali akuyera m'nyanja za dziko lonse. Kanali kachinayi, ndipo koyamba kanali mu 1998.

Ntchito ya asisi masiku ena ndi kupita m'nyumba za makasitomala kukadulira makorali amene akula mopitirira. Anati anthu amawaitana mochedwa, chifukwa thanki ikadzaza ndi pamene imakongola kwambiri, ndipo mwini wake amakhala akujambula zithunzi. Koma pansi pa kukongolako zinthu zimakhala zayamba kale kuonongeka. Nthambi za pamwamba zimatchinga kuwala, za pansi ndi kuyera. Madzi amaleka kuyenda pakati pa nthambi, zinyalala ndi kuunjikana. Usiku mitundu ina imatulutsa timanja titalititali toluma ndi kuotcha korali woyandikana nayo. Asisi amavala magolovesi ndi magalasi, pakuti mitundu ina ili ndi poizoni, amatenga kapulaya kodulira, ndi kuchotsa nthambi zimene zaphimba zinzake. Kanthambi kodulidwa sakataya. Amakamata ndi guluu pa kamwala, ndipo pakapita masabata angapo kamagwira ndi kuyamba kukula pakokha. Timeneto shopu imagulitsa kwa amene akuyamba kumene.

"Kunyanja yeniyeni, ku Sodwana kapena ku Bazaruto, mafunde amathyola, nsomba zimadya, ndipo malo ndi aakulu," anatero asisi. "M'galasi mulibe mafunde. Ngati ine sinidula, palibe wodula. Dziwe la atate ndi chimodzimodzi. Koma musawauze na pakamwa, sazamvela. Aoneseni. Ukani nawo 04 koloko na tochi, muyang'ane. Mubwelelenso 09 koloko. Mankhwala sayang'ana wotchi."

Tinachita zomwezo. Atate anavomera chifukwa anali kuyembekeza kugwira munthu. Tinakhala m'mphepete mwa dziwe kuyambira pakati pa usiku, udzudzu ukutidya, njovu zikuthyola mitengo kutali. Sipanabwere munthu. Koma cha m'ma 4 koloko tinayamba kumva kaphokoso ngati mvula yowaza. Titawalitsa tochi tinaona milomo yokhayokha pamwamba, ikutseguka ndi kutseka. Dzuwa litatuluka inayamba kuchepa. Pofika 9 koloko nsomba zonse zinali zitabwerera pansi, ndipo amai atawaza gaga zinadya ngati palibe chinachitika. Amai anati ndi mmene zakhala zikuchitira sabata yonse. Zakufa zimene tinatola m'mawa umenewo zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo zonse zinali zikuluzikulu.

Wa ku koleji anatenga kamtengo ndi kuyamba kujambula pa mchenga. Nsomba imapuma mpweya wa okosijeni umene uli m'madzi. Masana, ndere zobiriwiritsa madzi zimatulutsa mpweyawo dzuwa likamawala. Usiku zimaleka, ndipo chilichonse cha m'dziwe chimayamba kupuma mpweya womwewo: nsomba, ndere, mizu, ndi tizilombo toolesa matope. Ndiye mpweya umatsika usiku wonse, ndipo umachepetsetsa kutatsala pang'ono kucha. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira, choncho Okutobala ndiye mwezi woopsa. Namasupuni amaonjezera vuto. Masamba ake ali kunja kwa madzi, ndiye mpweya umene amatulutsa umapita m'mwamba, pamene pansi pake pali mdima. Mu mdimamo ndere sizimera, chonsecho ndere zomwezo ndizo chakudya cha pende. Mizu ndi masamba akufa zimagwera pansi ndi kuola, ndipo kuolako kumadyanso mpweya.

Kenaka anafika pa nsomba zenizenizo. Pende yaikazi ya mtundu umene atate amaweta imasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho ana ambiri amapulumuka. Imayamba kuswa ili ndi miyezi yochepa, ndipo pamalo pothina imaswa ikali yaing'ono, mphamvu yonse ndi kuthera ku mazira. Mumtsinje muli mcheni, milamba, ng'ona ndi mbalame zimene zimapungula. M'dziwe la atate munalibe chilichonse cha izi, ndipo mbedza inali kuchotsa zazikulu zokha. Pa dziwe lodyetsedwa gaga ndi manyowa, alangizi a nsomba amanena za nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita. Dziwe lathu ndi masikweya mita 300. Ndiye kuti malo analipo a nsomba 600 mpaka 900, pamene m'katimo munali zikwi zingapo.

Atate anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa mchenga. Anali msodzi zaka zambiri, ndipo tinaona kuti zimene zinakambidwa anazimva. Za anyakwawa sanazitchulenso. Koma anati, "Mwakamba bwino. Nsomba zanga sizichoka."

Tinafunsa chifukwa chake.

"Zonse zimene ndinalera pakhomo pano zinakwera basi," anatero. "Izi zokha ndizo zinatsala."

Palibe mwa ife anapeza choyankha. Wa mafoni anayamba kuyang'ana zala zake. Tinabwera ndi masamu, koma nkhani imeneyi sitinaikonzekere. Amai ndi amene anatiombola. Anawaitana atate ndi dzina la asisi, monga amachitira akafuna kuti amvedwe, ndipo anati, "Paphando limodzi pakamera chimanga zisanu, imwe mumachita bwanji? Si mumapatulira ndi manja anu omwe? Ndakuonani zaka zonsezi mukuzula mbewu zabwinobwino, ndipo simunalirepo. Anawa akanakhala onse pano, akanadya chiyani chaka chino?"

Atate anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti ukonde tiupeza kuti, pakuti wawo makoswe anadya. Tonse tinali kudziwa yankho. Ukonde wautali wokwana dziwe limenelo m'mudzi monse unali ndi munthu mmodzi, yemwe uja wa dimba logundana ndi lathu. Atate anatituma ife. Mwini ukonde sanangotipatsa. Anabwera yekha, ndi anyamata ake awiri, zikwakwa zili m'manja. Kumudzi kulibe chinsinsi, ndipo tikukhulupirira kuti anali atamva zimene zinakambidwa za iye. Anapereka moni kwa atate monga mwa masiku onse, atate anayankha, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Apa tiyenera kuulula cholakwa chathu. Asisi anatichenjeza kuti iwo sadula thanki yonse tsiku limodzi. Amachotsa pang'ono, amadikira masiku kuti madzi akhazikike ndi mabala apole, ndiye amabwereranso. Ife tinali ndi masiku atatu chabe opempha ku ntchito, ndipo tinaganiza kuti anyamata asanu ndi mmodzi angamalize zonse dzuwa lisanalowe. Tinalowa m'madzi masana dzuwa lili paliwombo, tikukoka namasupuni ndi manja ndi mareki, tikupondaponda matope a zaka zisanu ndi zitatu. Misundu inatimata m'miyendo, njoka ya m'madzi inatuluka m'bango wa ulonda ndi kukuwa ngati mwana, anthu ndi kuseka. Pofika madzulo masamba onse anali kumtunda, ndipo tinajambula chithunzi titanyamula zikwakwa. Koma madzi anali akuda bii, akununkha. Matope amene tinavundula anadya kampweya kamene kanatsala.

M'mawa mwake tinatola mabeseni awiri a nsomba zakufa, kuposa tsiku lililonse m'sabata yonseyo. Atate anaziyang'ana, anatiyang'ana ife, osanena kanthu. Kukanakhala bwino akanatikalipira. Tsiku lonselo tinayendetsa pampu, madzi tikuwagwetsera pa lata lakale kuti amwazike ndi kutenga mpweya asanalowe m'dziwe. Tinachotsa thumba la manyowa a mbuzi limene linali pakona, ndipo gaga tinaleka kuwaza masiku awiri, chifukwa nsomba yokhuta imafuna mpweya wochuluka ndipo gaga wotsala amaola. Wa ulonda anakwera pa chulu kuimbira abwana ake kupempha masiku ena anayi. Anamulola, koma anamudula malipiro a masikuwo. Wa mafoni anasiya tebulo lake m'manja mwa mnzake, ndipo atabwerera anapeza makasitomala ena asamukira kwina.

Madzi atakhazikika tinayamba kukoka ukonde, nthawi ino pang'onopang'ono: m'mawa dzuwa litangotuluka, kukali kozizira, pampu ikuthira, kukoka kawiri basi pa tsiku. Nsomba tinali kuziika m'mabeseni a madzi pansi pa mtengo wa masau. Apa ndi pamene atate anadzuka pa chitsa chija. Anaona wa ku koleji akutembenuza nsomba uku ndi uku osadziwa chimene akuyang'ana, ndipo anati, "Bweretsa kuno, uzipha." Anakhala pakati pa mabeseni, manja akuyenda okha. Anali kuigwira, kuitembenuza, kuyang'ana kumimba, ndi kuiponya kumanja kapena kumanzere. Zazimuna zimakula msanga kuposa zazikazi ndipo sizidzaza dziwe, choncho anali kusankha zazimuna zooneka zamphamvu kuti zibwerere. Zochepetsetsa, zimene ngakhale iwo sanathe kuzisiyanitsa, zinapita kumanzere. Amai anali kuika njere imodzi ya chimanga m'mbale pa nsomba khumi zilizonse zobwerera. Titamaliza tsiku lachitatu, m'mbale munali njere 80.

Zotuluka zinadzaza zidebe zisanu ndi zinayi za malita 20. Chidebe choyamba atate ananyamula okha, akutsimphina, kupita nacho kwa mwini ukonde. Zina tinagawira achibale, pakuti chaka cha njala palibe amene amafunsa kukula kwa nsomba. Zambiri amai anazithira mchere ndi kuziyanika pa thandala ngati kapenta, ndipo ndi dzuwa la Okutobala zinauma msanga. Aphunzitsi ena a pa sukulu ya pafupi, amene anali kukumba kadziwe kawo, anabwera ndi mgolo pa ngolo ndi kutenga zamoyo. Atate anawaperekeza mpaka kumsewu akuwalangiza, ndipo langizo loyamba linali lakuti asaikemo maluwa.

Namasupuni sitinamuponye mumtsinje. Chomerachi kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anachifalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha duwa lomwelo limene linakopa atate. Chasautsa anthu pa Kafue, pa Shire ku Malawi, ndi pa nyanja ya Victoria, kumene chinatsekereza madoko a asodzi. Kachitsamba kamodzi kamaphukira m'mbali, ndipo pamalo otentha mulu wake umatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Njere zake zimakhala m'matope zaka zambiri zikudikira. Tinamututira kumtunda, kutali ndi kumene madzi osefukira amafika, tinamuyanika mpaka anauma, ndi kumukwirira m'dzenje la manyowa. Bango tinadula lokhalo limene linalowa m'madzi, la m'mphepete tinalisiya kuti lipitirize kugwira dothi. Lodulidwalo anatenga oluka mphasa. Pakona imodzi tinamanga kakhumbi ka udzu pamwamba pa madzi, kuti mthunzi umene atate anali kufuna ukhalepo.

Tsiku lonyamuka tinapeza beseni lakale kuseri kwa khitchini, muli madzi ndi kachitsamba kamodzi ka namasupuni, duwa lili pamwamba. Tinayang'anana. Wa ku koleji anafuna kuyamba za njere zija, koma amai anamutsina. Tinangopempha atate kuti besenilo lisayandikire dziwe, ndi kuti madzi ake azitayira pa mchenga wouma. Anati iwo si mwana.

Foni ya amai inaliranso mu Febuluwale 2025, koma nthawi ino masana. Madzi anali obiriwira bwino, moti ukalowetsa mkono mpaka m'chigongono chikhatho sichioneka, monga amafunira. Nsomba sizinafike pa zija za zaka zoyamba, chifukwa zinayamba zitapinimbira kale, koma zinali zoti munthu angaike m'mbale ya mlendo. Atate anagulitsako usodzi ukali wotseka, ndipo ndalamayo inagula ufa mpaka chimanga chatsopano chitacha. Kusanache, amai anati, madzi amakhala zii.

Ntchitoyi sinathe. Pa 800 zija panalowa zazikazi zina, ndipo zayamba kale kudzaza m'mphepete ndi ana. Timasamba ta namasupuni timatulukabe m'matope, ndipo amai amatizula Loweruka lililonse. Tinagwirizana kuti ukonde uzilowa kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Ogasiti, ndipo awiri mwa ife azikhalapo. Ndalama ya basi kupita ndi kubwera ndi yochuluka kuposa imene tinali kutumiza pa mwezi, ndipo tikakhala pansi kuwerengera timakangana. Koma zaka zonse zija ndalama ya pa foni inali kufika pa nthawi yake, ndipo dziwe linali kufa ife tikuika timitima pa zithunzi zake. Ambiri a ife a m'makomboni muno tili ndi chinachake chotere kumudzi, kaya ndi khola, kaya ndi munda wa mango, kaya ndi denga, chimene timachiona pa foni chabe ndipo chimaoneka bwino.

Mu Epulo tinapitadi, awiri. Titamaliza kukoka, madzulo, atate anati tiwaperekeze pa chulu. Anafuna kukamba ndi asisi, ndipo atatha moni anapempha kuti awaonetse "munda wa miyala" uja umene tinawauza. Asisi anatembenuza kamera. Atate anagwira foni ndi manja awiri, anaiyandikiza kumaso, ndi kuyang'ana nthawi yaitali osakamba. Anafunsa ngati zimadyedwa. Asisi anaseka, anati iyayi. Atate anapukusa mutu, kudabwa kuti pali anthu amene amaweta chinthu chosadyedwa. Kenaka anaika chala pa galasi la foni, pakona ya kumanja.

"Iyo yaphimba inzake," anatero. "Mawa uidule."